Ndinathamangira Sabata, Ndinakalisungira M'chitokosi

Ine sindinalawepo mowa chibadwire. Ndinakulira m'banja la Chiadventi ku Kande, ndipo agogo anga ankanyadira kuti anabatizidwa ku Luwazi. Ndikamva pa wailesi kuti dalaivala wina wagunda munthu, mumtima ndinkangoti ameneyo ndi wa mabotolo. Ndinkaona ngati ngozi zapamsewu ndi za anthu oledzera ndi anyamata a matola, osati za dikoni wa mpingo ngati ine. Lero ndikulemba izi dzina langa lili m'kaundula wa anthu amene khoti linawapeza olakwa, ndipo mlandu wake ndi wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala.

Nthawi imeneyo ndinali ndi pikapu yakale. Ndinkagula usipa kwa asodzi a chilimira pa madoko a ku Kande ndi ku Chintheche n'kukagulitsa ku Mzuzu. Ntchito imeneyi ilibe tulo. Asodzi amachezera panyanja ndi nyali zawo, ndipo wofuna usipa wabwino ayenera kufika padoko kusanache, maboti asanakocheze. Ukachedwa umapeza anzako atola kale.

Unali mwezi wa June, chaka cha 2019. Lachinayi ndinadzuka 4 koloko m'mawa monga mwa masiku onse. Madzulo ake kunagwa maliro m'mudzi mwathu, ndiye tinachezera pasiwa usiku wonse tikuimba. Ndinangowodzera pang'ono nditatsamira khoma. Tambala woyamba atalira ndinanyamuka pamaliropo ulendo wa kudoko, ndipo dzuwa likutuluka ndinali kale pa msewu wa M5. Mkazi wanga anandiuza kuti, “Bambo, lero ingopumani, usipa sutha m'nyanjamu.” Ndinamuyankha kuti fizi ya ana sidikira munthu.

Ku Mzuzu wogula wanga wamkulu anachedwa kundilipira. Ndinamudikira mpaka nthawi inapitirira 3:30 masana. M'mwezi wa June kwathu kuno dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo kuchokera ku Mzuzu kufika ku Kande ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, woyamba ndi makona otsetsereka. Ndinawerengera kuti ndikaponda moto ndikafika Sabata lisanalowe. Madzulo amenewo ndinali ndi gawo lotsogolera mapemphero otsegulira Sabata, ndipo sindinkafuna kuti anthu azinena kuti dikoni dzuwa lamulowera ali pa geni.

Pofika pa Mpamba maso anali atayamba kulemera. Ndinaima, ndinagula nthochi, ndinasamba kumaso, n'kupitiriza. Ndikukumbukira mitengo ya labala ya ku Vizara ndi anyamata ogulitsa mipira m'mbali mwa msewu. Ndikukumbukira mlatho wa Luweya. Nditadutsa pa Chintheche ndinayang'ana dzuwa kudzanja lamanja, litatsala pang'ono kubisala kumapiri, ndipo ndinawonjezera liwiro mpaka pafupifupi 90. Malowo ndi a midzi, nyumba zili mbali zonse ziwiri. Chotsatira chimene ndikukumbukira ndi phokoso, ndi ufa woyera uli mbuu pagalasi.

Anali bambo wa ana anayi. Ankachokera kuchigayo, thumba la ufa wa kondowole lili pakaliyala ya njinga. Ankapalasa kumbali yake, kumanzere kwenikweni kwa msewu. Ndine amene ndinamutsatira kumeneko. Galimoto yothamanga makilomita 90 pa ola imayenda mamita 25 pa sekondi imodzi. Ngati maso anga anatsekeka masekondi awiri okha, ndiye kuti galimoto inayenda theka la bwalo la mpira popanda woiyendetsa.

Anthu anathamangira pamalopo. Ena ankalira, ena ankatola miyala. Miyendo yanga inkandiuza kuti thawa. Koma mayi wina wachikulire anakuwa m'Chitonga kuti ayambe athandiza wovulalayo, zokangana zibwere pambuyo. Tinamunyamula n'kumugoneka kumbuyo kwa pikapu, pakati pa madengu onunkha usipa, ndipo mnyamata wina wodziwa kuyendetsa anatifikitsa kuchipatala cha Chintheche chifukwa manja anga ankanjenjemera. Kuchokera pamenepo ndinapita ndekha kupolisi. Malamulo apamsewu amafuna zimenezi: kuti uime, uthandize wovulala, ndipo ukanene kupolisi mwamsanga. Sindinachite chifukwa chodziwa malamulo. Anandipulumutsa ndi mawu a mayi uja. Bamboyo anamwalira usiku womwewo.

Sabata limene ndinalithamangira ndinalisungira m'chitokosi, nditakhala pasimenti, lamba ndi nsapato zitatsala pakauntala. Nthawi ya Sukulu ya Sabata itakwana ndinkaona m'maganizo mpando wanga kutchalitchi uli wopanda munthu. Masana kunabwera mkazi wanga ndi mkulu wa mpingo, atanyamula kondowole ndi chigwada. Chakudyacho sichinatsike. Mkuluyo sanandilalikire. Anangoti, “Mbale, amalume anu ndi ife tapita kale kusiwa. Bokosi tagula. Inu musadandaule za kumeneko.”

Munthu ukagwa m'mavuto alangizi amachuluka. Msuweni wanga wina anandinong'oneza kuti ndikanene kuti wanjingayo anali ataledzera ndipo analowa yekha mumsewu, poti panalibe amene anaona bwinobwino. Wina anati akudziwa munthu amene tikamupatsa kangachepe mapepala a mlanduwo asowa. Sindinama, usiku wa Lamlungu maganizo amenewa ndinawasinkhasinkha. Ndinali ndi ana atatu ndipo ndinkaopa ndende. Koma kupereka chiphuphu ndi mlandu wina paokha, ndipo kunamizira munthu wakufa amene sangadziyankhire kukanakhala kumupha kachiwiri pamaso pa ana ake.

Zimene ndinaphunzira m'masabata otsatirawo ndikanakonda ndikanazidziwa kale, n'chifukwa chake ndikuzilemba pano. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chimene wamangidwira m'chinenero chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ali ndi ufulu woonana ndi loya, ndipo ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Maola amenewa akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, munthuyo amaonekera tsiku loyamba limene khoti latsegula. Ine ndinamangidwa Lachisanu madzulo, ndiye ndinakaonekera pamaso pa majisitireti Lolemba. Anandipatsa belo. Amalume anga ndi mkulu wa mpingo uja anasaina kuti ndikathawa adzayankha ndi iwo, ndipo ndinalamulidwa kumakaonekera kupolisi pa masiku oikika. Belo si kutha kwa mlandu. Ndi lonjezo loti udzabweranso.

Ndalama za loya woima payekha ndinalibe. Mphunzitsi wina wa mumpingo mwathu ndiye anatiuza za Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linayamba ntchito mu 2015 kuti lizithandiza pa milandu anthu osowa. Tinapita ku ofesi yawo ku Mzuzu. Anandifunsa za mapezedwe anga, chifukwa thandizoli amapereka poona ngati munthu sangathedi kudzilipirira, ndipo anandipatsa loya, mayi wachitsikana amene msinkhu wake unali ngati wa mlongo wanga wamng'ono.

Ndinalowa mu ofesi yake ndili ndi maganizo akuti maloya ndi anthu olipidwa kuti azipotoza choonadi, ndipo ndinamuuza zimenezo. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Bambo, ntchito yanga si kukuthandizani kunama. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti mwalangidwa pa chimene munachita, osati pa chimene simunachite, komanso kuti khoti lamve zonse lisanagamule.” Anandifotokozera kuti mlandu wanga unali pansi pa gawo 126 la lamulo lapamsewu la 1997. Anati ndi udindo wa boma kubweretsa umboni wokwanira, ndipo munthu akakana mlandu sikuti wanama, wangouza boma kuti litsimikize zimene likunena. Anandiuzanso kuti ndikavomera, woimira boma adzawerenga mmene zinthu zinayendera, ndipo ndimvetsere mawu alionse kudzera mwa womasulira, popeza khoti limalemba m'Chingerezi. Pakakhala cholakwika ndinene pomwepo, osangogwedeza mutu chifukwa cha mantha.

Kenako anatenga chikalata chimene ndinasaina kupolisi usiku wa ngoziwo. Palibe anandikakamiza. Ndinasaina ndekha osapempha kuti andiwerengere, mutu uli wozunguzika. M'chikalatamo munalibe zoti ndinanyamula wovulalayo kupita naye kuchipatala, kapena zoti ndinadzipereka ndekha, chifukwa ine sindinazitchule. Ndinkaona ngati n'zopanda ntchito poti munthuyo anamwalirabe. Loyayo anati zimenezo ndi zimene khoti limayang'ana poganizira kukula kwa chilango. Musasaine pepala limene simunalimve, ngakhale mutakhala kuti ndinu wolakwa.

Anandipatsa sabata imodzi kuti ndiganize. Anandiuza mosabisa kuti umboni wa liwiro langa unali wochepa, ndipo ndikakana mlandu ukhoza kutenga miyezi yambiri. Koma ine ndinkadziwa chimene singano ya liwiro inkaloza, ndipo ndinkadziwa kuti ndinagona pachiwongolero. Ndinavomera mlandu. Tsiku lachigamulo loyayo anapempha khoti kuti lindichitire chifundo. Anati aka kanali koyamba kupalamula, sindinathawe, ndinathandiza pamaliro, sindinatayitse khoti nthawi, ndiponso ndili ndi ana odalira ine. Woimira boma anayankha kuti anthu akutha m'misewu ndipo madalaivala ena ayenera kutengerapo phunziro. Sindinamuone ngati mdani. Kumbuyo kwake kunakhala mayi wamasiye atavala zakuda, mwana ali kumsana.

Majisitireti anandilamula kulipira chindapusa, ndipo ndikalephera ndikakhale kundende. Analamulanso kuti ndipereke chipukuta misozi kubanja la malemuyo, ndipo chiphaso changa choyendetsera galimoto chinaimitsidwa kwa nthawi. Achibale ena anatuluka m'khoti akumwetulira kuti ndapulumuka ndende. Ine ndinaganizanso kuti zatha. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo tanthauzo lake ndinalimva m'zaka zotsatira.

Pikapu tinaigulitsa motchipa kuti tilipire zimene khoti linalamula. Makina osokera a mkazi wanga anapitanso. Inshuwalansi ya galimotoyo ndinali nditalipira miyezi iwiri ngoziyo isanachitike, ndikudandaula kuti ndi ndalama yongotaya. Imeneyo ndi imene inadzapereka kenakake kwa mayi wamasiye uja. Ikanakhala kuti inatha, ukanakhala mlandu wina pamwamba pa woyambawo, ndipo banjalo likanandisumira ine ndekha, chifukwa mlandu wa boma ndi wosiyana ndi wa chipukuta misozi umene ofedwa angathe kukasuma paokha. Mwana wathu woyamba tinamuchotsa kusukulu yogonera komweko n'kumubweza kusukulu yoyendera. Tsiku lina wachiwiri anabwera akulira kuti anzake akumunena kuti ndi mwana wa wopha anthu. Mkazi wanga anayamba kukwera minibasi ndi madengu a usipa, ntchito imene ndinkati si ya munthu wamayi.

Chiphaso chitabwerera ndinafunsira ntchito youyendetsa galimoto kubungwe lina. Mayeso oyendetsa ndinakhoza bwino. Kenako anandipempha kalata ya kupolisi yosonyeza mbiri yanga, ija amatenga zidindo za zala. Kalatayo inanena zoona, ndipo sanandiitanenso. Mng'ono wanga amene ali ku Johannesburg anandipezera mwayi woyendetsa lole, koma chilolezo chogwirira ntchito ku South Africa chimafunanso kalata yomweyo. Kwathu kuno ku Nkhata Bay mabanja ambiri ali ndi wina ku Joni, ndipo anyamata ambiri amene akuyendetsa njinga zamoto za kabaza opanda chiphaso, opanda chipewa, sadziwa kuti tsiku limodzi lokha likhoza kuwatsekera njira imeneyo.

Thupi nalo linalipira. Kwa chaka chathunthu ndinkadzidzimuka usiku ndikuona ufa uja pagalasi. Fungo la usipa linkandichititsa nseru. Kuchipatala anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo namwino wina atamva nkhani yanga anandiuza kuti mapiritsi okha sakwanira, ndiyenera kupeza munthu woti ndizimuuza zimene zili mumtima. Mkulu wa mpingo uja ndiye anakhala munthu ameneyo. Lachitatu lililonse tikaweruka kumapemphero tinkatsikira kunyanja, iye n'kumangomvetsera.

Namwino yemweyo ndi amene anandiuza chinthu chimene chinandivula kunyada kwanga konse. Ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa mlingo wa pafupifupi 0.10. Malire a lamulo kuno ku Malawi ndi 0.08. Ine pa nthawi ya ngoziyo ndinali nditakhala maso maola oposa 30, kupatula kuwodzera kwa pasiwa kuja. Ndiye kuti dikoni amene sanalawepo mowa ankayendetsa galimoto ali woipa kuposa woledzera amene ankamunyoza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Limatinso munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga 65 m'malo mwa 50, chiopsezo choti afe chimakula kanayi ndi theka. Ine ndinali pa 90.

Ife Aadventi timaphunzitsa kudziletsa, ndipo timachita bwino. Koma ambiri a ife tikamva mawu amenewa timangoganiza za mowa, fodya ndi nyama zodetsedwa. Timaiwala kuti kupuma kuli m'gulu lomwelo la malamulo a thanzi, pamodzi ndi madzi, mpweya wabwino ndi dzuwa. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena 8. Kusamba kumaso, kutafuna nzimbe ndi kutsegula windo sizichotsa tulo. Mankhwala a tulo ndi kugona basi. Tsiku lija pa Mpamba ndikanaimika galimoto pansi pa mtengo n'kugona ngakhale theka la ola.

M'miyezi imene ndinali wopanda chiphaso ndinawerenga kwambiri mabuku a Mose. Pa Deuteronomo 19 pali nkhani ya munthu amene akudula mtengo, nkhwangwa n'kuguluka mumpini n'kupha mnzake. Mulungu sanamuike m'gulu la ambanda. Anamukonzera mizinda yothawirako kuti wolipsa asamuphe mlandu wake usanamveke. Kumeneko ndinaonako chiyambi cha zimene loya uja ankanena, kuti ngakhale wolakwa ayenera kumvedwa. Koma pa Numeri 35 ndinapezanso kuti munthu ameneyo sankabwerera kwawo mawa lake ngati palibe chachitika. Ankakhala mumzindamo mpaka mkulu wa ansembe atamwalira, kutali ndi munda wake ndi abale ake. Kusafuna kupha sikunkafafaniza zotsatira zake. Ndipo pa Deuteronomo 22 womanga nyumba akulamulidwa kuika kampanda patsindwi kuti munthu asagwe. Mabuleki abwino, matayala osaperepeseka, liwiro loyenera ndi tulo tokwanira ndiye kampanda ka dalaivala.

Nanga Sabata? Kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti ndinachita ngozi chifukwa cha changu cha pa Mulungu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa maso a anthu. Lachisanu ndi tsiku lokonzekera, ndipo kukonzekerako kumayamba m'mawa, ngakhale Lachinayi, osati 3:30 masana uli ku Mzuzu. Dzuwa likanandilowera ndili pa Mpamba kapena pa Chintheche, ndikanagogoda pakhomo la wokhulupirira mnzanga n'kutsegulira Sabata pomwepo. Mapemphero a kwathu akanatsogolera wina. Mwini Sabata sakanakondwera ndi dikoni wofika pa nthawi yake atasiya mtembo kumbuyo.

Udikoni ndinautula ndekha. Mpingo sunandichotse, koma sindikanatha kuima pakhomo kulandira anthu. Pa Mgonero wa Ambuye woyamba chichitikireni ngoziyo ndinakhala kumbuyo, ndikuganiza zotuluka nthawi yosambitsana mapazi isanakwane. Bambo wina wokalamba, amene mkazi wake ndi wachibale wa malemu uja, anabwera ndi beseni n'kugwada patsogolo panga osanena kanthu. Sindikudziwa mmene anamvera mumtima mwake. Ndikungodziwa kuti anasambitsa phazi lomwe lija linaponda moto.

Kwa mayi wamasiye ndinapita patatha miyezi isanu ndi itatu, pamodzi ndi amalume anga ndi nyakwawa ya m'mudzi mwawo, monga mwa mwambo. Tinanyamula thumba la ufa, sopo ndi shuga. Ndinakhala pansi n'kunena zonse, zoti sindinagone, zoti ndinkathamanga, ndiponso zoti mwamuna wake sanalakwitse chilichonse. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati anthu ena ankamuuza kuti bambo a ana ake anali ataledzera tsiku limenelo, pamene iwo anali munthu wopemphera wa mpingo wa CCAP, ndipo nkhani imeneyo inkamupweteka kuposa njala. Apo m'pamene ndinazindikira kuti bodza la msuweni wanga lija linali litayenda kale ngakhale ine sindinalinene. Ndinapempha nyakwawa kuti ndibwereze mawu anga pamaso pa anthu a m'mudzimo, ndipo ndinatero. Potsanzikana mayiyo anati, “Ada, ufawu ndalandira. Koma zokhululuka musandifulumizitse.”

Sindinamufulumizitse, ndipo mpaka lero sananene mawu amenewo. Chimene anavomera n'choti ndizithandiza fizi ya mwana wake woyamba, amene tsopano ali kusekondale. Teremu iliyonse mkazi wanga ndi amene amakapereka.

Panopa ndimayendetsa lole yaing'ono ya munthu wina, yonyamula chinangwa ndi matabwa. Mwini wake akudziwa mbiri yanga yonse, ndinamuuza tsiku loyamba. Tinagwirizana zinthu ziwiri: sindiyendetsa ngati usiku wapitawo ndinachezera, kaya pamaliro kaya padoko, ndipo Lachisanu makiyi ndimabweza 12 koloko masana. Masiku ena zimenezi zimatidyera ndalama, ndipo iye sabisa kudandaula kwake. Malo a ngozi aja ndimadutsapo kawiri kapena katatu pa sabata. Pali mtengo wa mango, ndipo nthawi zambiri pamakhala ana akusewera m'mbali mwa msewu.